Chingwe cha Tepi Yofiira

LACHINAYI

Injiniya ndi Mzime

09:14 Mzime: akwana naini tsopano

09:14 Injiniya: naini chani

09:15 Mzime: a magitala. a Promota awonjezera awiri mmawa uno. akuti nyimbo yotsekera show Loweruka aliyense amene anatchukapo ndi rock akwere pa siteji. all stars kkkk

09:15 Injiniya: dzulo anali seveni

09:15 Mzime: dzulo ndi dzulo sisi

09:17 Injiniya: mikisa yanga yatsala ndi machanelo asanu basi. oimba pakamwa anayi, besi, kiyibodi, ng'oma ziwiri zadya malo onse. ndipo ng'oma ziwirizo nza chani

09:18 Mzime: oimba ng'oma alipo awiri. wamtali anati ngati wadazi akwera nayenso akwera. wadazi anati ngati wamtali akwera iye satsika. nde a Promota anangoti onse

09:19 Injiniya: ok tipanga ya tepi yofiira

09:19 Mzime: ndiphunzitse, ine kuyendetsa siteji ya jam nkoyamba

09:22 Injiniya: zingwe zisanu zikubwera kwa ine, anthu azimva. zinayi zotsalazo uzikulunge tepi yofiira kumapeto, zipite ku kamikisa kakang'ono kuseri kwa katani. munthu amadzimva yekha pa monita ya kumapazi kwake, amasangalala, amatseka maso, koma holo yonse sikumumva

09:22 Mzime: nkhanza zimenezo kkkkk

09:23 Injiniya: chifundo chimenecho. unamvapo magitala naini nthawi imodzi? ngati malata akugwa pa lole

09:23 Mzime: sazindikira?

09:24 Injiniya: pa jam palibe amamvera mnzake. abwana anga akale anandiphunzitsa ndikungoyamba ntchito, sizinalepherepo. a Promota akudziwa, afunse atchule anayiwo

10:02 Mzime: atchula

10:02 Mzime: mlamu wawo. mkulu wa magalasi akuda uja amaimba makodi awiri moyo wake wonse. dokotala wa mano amene watibwereka mipando

10:03 Injiniya: atatu amenewo

10:09 Injiniya: wachinayi?

10:11 Mzime: adadi

10:11 Injiniya: adadi ake a ndani

10:11 Mzime: athu sisi. tili ndi angati

10:12 Injiniya: akukwera pa siteji?? wawauza ndani

10:14 Mzime: a Promota anapita okha kunyumba dzulo. akuti all stars popanda Zala Khumi si all stars. amayi akuti alendo asanatuluke nkomwe pa geti adadi anali atatsitsa kale gitala pamwamba pa wadilobu

10:15 Injiniya: zaka ziwiri chidwalireni sitiroko sanaigwirepo

10:16 Mzime: nchifukwa chake tepi. a Promota akuti dzanja lamanzere lija silinabwerere bwino, tingowalemekeza anthu awaone, ajambule zithunzi

10:31 Mzime: uli pompo?

10:40 Injiniya: ndili pa ntchito

Injiniya ndi Adadi

12:05 Adadi: [mawu 1:04] Injiniya, ndi bambo ako. Kulemba kwandikana, chala chikumadinda zilembo ziwiriziwiri, ndiye ungomva mawu. Wamva kale kuti madala tikukwera Loweruka. Ndagula mawaya atsopano, akale aja anachita dzimbiri ngati mpanda wa nkhuku. Amayi ako akuti ndikuwasokosera, koma ndawapeza akupukuta mbale motsata nyimbo. Usade nkhawa, jam ndimaidziwa. Ndi msonkhano wa atambala, aliyense amafuna dzuwa lituluke chifukwa cha iye. Ine sindilimbana nawo, ndingoponyamo tiwiri titatu. Ndamva kuti pa mikisa pakhala iwe. Mwana wanga sunandiimbitsepo chiyambireni ntchito yakoyi. Undiika pa chanelo chiti?

12:48 Injiniya: ndamva adadi, zosangalatsa zedi. zonse ndikonza musadandaule

12:50 Adadi: [mawu 0:06] Ndafunsa nambala, Injiniya, sindinafunse ngati ukonza.

LACHISANU

Injiniya ndi Mzime

14:03 Mzime: ukuphonya zinthu kuno ku practice

14:04 Injiniya: ndili pa msonkhano wa kampani, maiki imodzi ndi anthu akusinza. ndiuze

14:06 Mzime: ola lathunthu akukangana za kiyi. oimba pakamwa akufuna yotsika coz mawu anatha, Namondwe wa gitala akufuna yokwera coz solo yake anaiphunzira mmenemo. nyimbo ya makodi atatu koma ngati akugawana munda

14:06 Injiniya: Namondwe wabwera pa nthawi? zachilendo

14:08 Mzime: wabwera ndi mpango wa silika mkhosi kutentha konseku. wapempha fani imuuzire tsitsi. wapemphanso kuti tipake polishi kutsogolo kwa siteji, akufuna adzatsetsereke ndi mawondo

14:08 Injiniya: munthu wa zidzukulu

14:10 Mzime: vesi yachiwiri palibe akuidziwa. onse anayi akafika pamenepo amalozetsa maiki kwa anthu. lero kulibe anthu nde amalozetsa mipando ya dokotala

14:10 Injiniya: kkkkkk ndaseka, wapampando wandiyang'ana

14:13 Mzime: palinso mkulu wina wa sakisi, lipenga lokhota lija. palibe anamuitana. a Promota akuganiza ndi mnzake wa wadazi, wadazi akuganiza ndi mbale wa a Promota. ali pakati penipeni pa siteji

14:13 Injiniya: chanelo chake palibe

14:14 Mzime: akuti safuna maiki, mapapo ake ndi okwanira

14:20 Injiniya: adadi?

14:23 Mzime: anafika oyamba, holo isanatsegulidwe. avala jekete lachikopa lija. madala onse akuwakumbatira, wamtali mpaka misozi. lero masipika akulu kulibe so palibe amene wawamva bwino

14:24 Injiniya: awona zingwe?

14:26 Mzime: ndimakulunga tepi iwo atakhala pa bokosi la besi. anatola chimodzi, nkuchiyang'ana, nkuti tepi yabwino iyi. kenako anandipempha madzi. basi

14:26 Injiniya: ok

17:41 Mzime: [mawu 0:35]

17:41 Mzime: ndajambula ndili pakhonde kunyumba, sakudziwa. ali kuchipinda

17:46 Injiniya: ndamvera katatu

17:46 Mzime: nde?

17:48 Injiniya: akuchedwa. kusintha kodi chala chikumafika nyimbo itapita kale. pa 0:20 aphonyeratu

17:48 Mzime: eya

17:50 Injiniya: koma kumapetoko akoka waya mmene ankakokera tili ana. ngati munthu akufunsa funso. palibe wina amapanga zimenezo

17:51 Mzime: usayambe sisi

17:53 Injiniya: ndikhoza kuchotsa wa kiyibodi chanelo chimodzi

17:55 Mzime: a Promota anakana kale, ndinayesa. ndipo taganiza, anthu mafoni mmwamba, adadi chala chakanirira pakati pa solo, mawa video ili ponseponse. ukuwadziwa. gitala ibwerera pa wadilobu mpaka kalekale

17:58 Injiniya: nanga akadziwa kuti mwana wawo anawatsekera mawu? kuti amaimbira mapazi awo okha?

17:58 Mzime: adziwa bwanji. unati sizinalepherepo

18:10 Injiniya: yofiira. uwaike kumanzere pafupi ndi Namondwe, maso a anthu akakhala pa mpangowo

18:10 Mzime: sharp

18:11 Injiniya: ndipo monita yawo uikweze bwino. adzimve ngati kale

Injiniya ndi Adadi

18:32 Adadi: [mawu 0:52] Injiniya, kunali zisudzo lero, mng'ono wako akuuza. Madala akalamba koma matama sanakalambe. Wina wandiuza kuti amandikumbukira pa show ina yake yomwe ine sindinapiteko, ndangomuvomera. Ndaitana nesi uja ankandiwongola zala, abwera ndi mwamuna wake. Ankandiuza kuti finyani kampira aka, tsiku lina mudzandiimbira. Ndiye mawa ndi tsiku linalo. Amayi ako akuti akhala kutsogolo. Chanelo chija sunandiuzebe.

18:33 Adadi: [foni yosayankhidwa]

19:05 Injiniya: pepani adadi ndinali pa njira. mupume bwino, tionana mawa

LOWERUKA

Injiniya ndi Mzime

15:52 Injiniya: gulu lomaliza latsala nyimbo imodzi. all stars ako ali ready?

15:53 Mzime: eyiti alipo. wa magalasi wasochera kuseri, mumdima sakuona ndipo akukana kuwavula

15:53 Injiniya: mugwire dzanja

15:55 Mzime: mkazi wa dokotala wapatsidwa tambolini. a Promota apatsanso ina mwana wamkazi wa mwini holo. wa sakisi wabwera ndi mnzake wa lipenga

15:55 Injiniya: usandiuzenso plz

15:57 Injiniya: tibwereze. Namondwe chanelo 3, solo yake ikatha kolasi yachiwiri. zofiira zinayi kuseri. magitala onse uwabaye zingwe ali pa ma stand

15:58 Mzime: ndabaya kale onse. ndacheka kawiri

15:58 Injiniya: adadi ali bwanji

15:59 Mzime: akutafuna chingamu. andifunsa ngati uli kumbuyo kwenikweni kwa holo, ndawalozera

16:00 Injiniya: andikwezera dzanja. ndanamizira kuyang'ana mabatani

16:07 Mzime: akukwera. a Promota akutchula mayina mmodzimmodzi ndi mbiri yake yomwe, tigona pano

16:09 Injiniya: wamva mmene akuwira Zala Khumi?

16:09 Mzime: ndamva. amayi akupukuta mmaso ndi kona ya mpango

16:11 Mzime: tsopano chithunzi cha onse. akukumbatirana ngati sanaonane dzulo

16:12 Mzime: adadi sali pa chithunzi, agwada kuseri kwa ma stand. akuti akumanga nsapato

16:12 Injiniya: athandize kudzuka

16:13 Mzime: adzuka okha. nsapato zake ndi zija zopanda zingwe koma kkkk ukalamba

16:14 Injiniya: tiyeni. auze a ng'oma awerenge mmodzi yekha

16:15 Mzime: awerenga onse awiri

16:15 Injiniya: ndamva. wina wayamba pa 3 wina pa 4

16:17 Injiniya: dokotala watseka maso, akuluma mlomo. mlamu wakweza mwendo pa monita. anthu akuwakuwira anthu amene sakumveka

16:17 Mzime: art imeneyo

16:18 Mzime: vesi yachiwiri. maiki zonse zinayi kwa anthu

16:18 Injiniya: anthunso sakuidziwa. holo yonse ikungoti na na na

16:20 Injiniya: kolasi ikutha. ndikukweza 3

16:20 Mzime: fani yayaka. mpango uli mmwamba

16:21 Injiniya: chavuta nchani

16:21 Injiniya: zala za Namondwe zikuthamanga koma sipika ikutulutsa pang'onopang'ono

16:21 Mzime: kuno ndikumumva bho pa monita, akuwaza ngati mvula

16:21 Injiniya: ona chingwe chake

16:22 Mzime: chofiira

16:22 Mzime: sisi cha Namondwe nchofiira

16:22 Mzime: sindinalakwitse ine ndinacheka kawiri

16:22 Injiniya: nde pa 3 pali ndani

16:22 Injiniya: usayankhe. ndamva kakokedwe

16:23 Mzime: nsapato zija

16:23 Mzime: tsitsa ndithamange ndikasinthe

16:23 Mzime: sisi

16:24 Mzime: aphonya. wamva? aphonya poyera

16:24 Mzime: tsitsa

16:25 Injiniya: sinditsitsa

16:25 Mzime: akuseka. aphonya nkuseka, nkubwerezanso pomwepo

16:25 Injiniya: khala pomwe ulipo. ndawonjezera pang'ono

16:26 Mzime: Namondwe wathamanga. watsetsereka ndi mawondo. polishi tinachulutsa, wakaima pa maluwa

16:26 Mzime: thalauza yang'ambika kumbuyo koma sanasiye

16:27 Injiniya: ali chagada, gitala kuseri kwa mutu, zala ngati akuthyola masamba. sipika ikulira noti imodzi yaitali. anthu apenga

16:27 Mzime: akuwomberatu mmanja Namondwe

16:28 Injiniya: si onse. ona kutsogolo

16:28 Mzime: amayi aimirira. akuloza adadi ndi ambulera, akukoka nesi dzanja kuti ayang'ane uko osati uku

16:28 Mzime: wamtali nayenso wazindikira. akumenya motsitsa, akuyang'ana adadi

16:29 Mzime: uli bho?

16:31 Injiniya: mabatani sakuoneka bwino. fumbi

16:31 Mzime: eya fumbi. kunonso lilipo

16:36 Mzime: solo zatha zonse. dokotala wapanganso yake, mlamu ziwiri. bwanji sakumaliza

16:36 Injiniya: wamtali akudikira wadazi, wadazi akudikira wamtali

16:38 Mzime: aa amaliza

16:38 Mzime: ayi wa sakisi wayambiranso

16:40 Mzime: akweza magitala onse mmwamba, atsitsa, koma aliyense nthawi yake. kolasi yabwereranso

16:41 Mzime: mkazi wa dokotala dzanja latopa wapatsa tambolini mlonda

16:43 Mzime: mwini holo akuti faifi koloko kuli ena. a Promota akundikodola. ndipange chani, ndikwere ndiwalande?

16:43 Injiniya: akakwezanso magitala undiuze

16:44 Mzime: akukweza

16:44 Mzime: pano

16:45 Injiniya: ndatseka masipika onse. yatha

16:45 Mzime: kkkkkkk anthu akuwomba mmanja, magetsi ayaka, koma pa siteji akuimbabe. akudzimva pa monita

16:45 Injiniya: lero onse ndi a tepi yofiira

16:46 Mzime: wadazi watsegula maso wapeza anthu akutuluka. wagwada ngati anakonza dala

17:20 Mzime: a Promota akuti solo ngati ya Namondwe ya leroyi sanaimvepo chiyambire. akuti wakhwima, waphunzira kusiya mpata

17:21 Injiniya: iye akuti chani

17:23 Mzime: amuonetsa video. poyamba anati foni ili ndi delay. atamva anthu akumutama wayamba kunena kuti masiku ano amaimba ndi mtima osati zala. wamanga mpango mchiuno kubisa thalauza

17:23 Injiniya: musiyeni

17:24 Injiniya: adadi ali kuti, ndikupinda zingwe sindikuwaona

17:26 Mzime: apita ndi amayi, nesi wawatenga pa galimoto. ndinati dikirani sisi, anangoti ali pa ntchito musamusokoneze

17:26 Injiniya: nkhope inali bwanji

17:27 Mzime: sindinathe kuiwerenga. anandipatsa chingwe chofiira mmanja, chopindidwa bwinobwino

Injiniya ndi Adadi

17:40 Injiniya: adadi mwafika?

17:58 Injiniya: [foni yosayankhidwa]

18:15 Injiniya: munaimba bwino kwambiri

18:44 Injiniya: a Promota ndi amene anatchula mayina koma ndinavomera ndine. musamukalipire mzime wanu

18:46 Injiniya: ndinkaopa kuti anthu akusekani. pepani adadi

19:30 Injiniya: [foni yosayankhidwa]

Injiniya ndi Mzime

19:34 Injiniya: uli kunyumba? awerenga koma sakuyankha

19:36 Mzime: ndangofika. ali kuchipinda chitseko chotseka. amayi akuti adya bwino, awonjezera

19:36 Injiniya: gitala ili kuti

19:38 Mzime: pa wadilobu palibe. sindikuiona

19:38 Injiniya: ndibwere?

19:40 Mzime: amayi akuti uwasiye, akalankhula okha

LAMULUNGU

Injiniya ndi Adadi

07:12 Adadi: [mawu 2:31] Injiniya, wadzuka? Dzulo sindinayankhe, pakamwa panalibe mawu abwino. Tsopano tamvera. Abwana ako akale aja, amene anakuphunzitsa ntchito, unawafunsapo kuti tepi yofiira anaitenga kuti? Ankatinyamulira masipika iwo aja, ali mnyamata wowonda ngati ndodo ya ng'oma. Manejala wathu anali ndi mphwake wokonda siteji, gitala osaidziwa, koma kumukaniza kunali kuchotsedwa ntchito. Ndiye tsiku lina ndinatenga chingwe, ndinachilowetsa ku kabokosi kake yekha, ndinakulunga tepi kuti tisasokoneze. Inali yofiira chifukwa ndi imene inali m'thumba mwanga. Mphwake wa manejalayo anaimba nafe zaka zitatu, mpaka lero amauza anthu kuti anali msana wa gulu. Ndiye Lachisanu nditaona mng'ono wako akukulunga, ndinawerenga zinayi, ndinawerenga madala, ndinadzipeza. Zinandiwawa, sindikunama. Msampha wotchera wekha umapweteka kawiri. Ndinati ndisapite. Kenako ndinati ayi, ndipita, koma ndikafunse mwana wanga funso limene wakhala akulithawa pa foni. Anthu aja sindinkawawerengera, amawombera m'manja mpango. Ndinkadziwa kuti ndikangokoka waya kamodzi iwe undizindikira, ndipo chala chako chili pa batani. Nditaphonya paja sindinachite dala, ndinaphonyadi. Ndinadikira kuti mawu azime. Ndinamva akukwera.

07:15 Adadi: [mawu 0:19] Komanso besi inali pamwamba kwambiri mbali ya kumanzere. Ndipo munthu wanzeru akaba nzeru ya bambo ake amasintha mtundu wa tepi. Amayi ako akuti ubwere masana.

07:16 Injiniya: ndibwera adadi

07:16 Injiniya: besi inali bwinobwino

07:17 Injiniya: gitala mwaiika kuti? mzime akuti pa wadilobu palibe

07:31 Adadi: illi pa mwenddo

07:38 Adadi: ndalemmba ndekha

07:46 Adadi: chakka chamawa undiikke pa 3